ZA MASEWERO A MTENGATENGA A M'KOMPYUTA

Mwezi uno ndifuna kukamba nanu za cinthu cimene ambiri adzaciyesa copanda pace, ndico masewero a anyamata. Ndicita ici cifukwa ca funso la mkuru wina wa Mpingo wa ku mapiri a Misuku. Mdzukulu wace, amene aphunzira ku sekondale, anabwera pa chuthi ndi kompyuta yaing'ono yobwereka kwa mnzace, ndipo madzulo ali onse akhala duu, maso pa galasi, kupenyerera tisitima ndi timagalimoto tirikuyenda, nawerenga ndarama zimene palibe munthu anazikhudza ndi dzanja. Nkhalambayo inabvutika mumtima, niti, "Kodi imeneyi si njuga yolowa m'nyumba mwanga ndi cobvala catsopano? Ndimlande cinthuco, kapena ndimleke?" Sikuyenera kuweruza mlandu usanaumve; cifukwa cace ndinakhala pambali pa mnyamatayo madzulo anai, kufikira moto wa m'batire unatha, ndipo zimene ndinaona ndi izi.

Dzina la masewerowa ndi Transport Tycoon, ndiko kunena, mwini cuma wamkuru wa nchito ya mtengatenga. Anawapanga ndi Chris Sawyer, munthu wa ku Scotland, dziko lomwelo kumene kunacokera a Mishoni a Livingstonia. Kampani ya MicroProse inayamba kuwagulitsa m'caka ca 1994, ndipo mu 1995 anaturuka ena okonzedwa bwino koposa, ochedwa Transport Tycoon Deluxe. Sawyer analemba yekha malamulo oyendetsa masewerowo. Zithunzi anajambula ndi Simon Foster, ndi nyimbo zace anapeka ndi John Broomhall. Mu 2004 Ludvig Strigeus wa ku Sweden anawalembanso mwatsopano, nachedwa OpenTTD, ndipo anthu odzipereka a m'maiko ambiri awasamalira ndi kuwaonjezera osafuna malipiro. Amenewa ndiwo anali nao mnyamata uja. Sagulidwa ndi ndarama, ndipo ayenda ngakhale m'kompyuta yakale yofooka. Cinthu cimene anthu acigwiritsitsa zaka 30, pamene masewero ena osawerengeka anabwera naiwalika, ciyenera kuti ticiyang'anitse.

Maseweredwe ace ali otere. Pa galasi paoneka dziko lopeka, monga ulikulipenya uli pamwamba pa phiri: midzi, nkhalango, nyanja, minda, migodi ya malasha ndi ya citsulo, ndi nyumba zocekeramo matabwa. Wosewera alibe kanthu koma ngongole ya mapaundi 100,000 ya ku banki. Ndi ndarama zimenezo ayala njanje, alambula miseu, amanga milatho, aboola mapiri, nagula sitima za pamtunda, malole, mabasi, zombo ndi ndege. Atenga malasha ku mgodi kunka nao kopangira magetsi, mitengo kunka nayo koceka, anthu ndi makalata kucokera mudzi wina kunka ku unzace. Ndipo katundu ali yense akafika, ndarama zilowa. Zaka zithamanga msanga. M'masewero oyamba aja ziyambira 1930 kufikira 2030, m'a Deluxe 1950 kufikira 2050. Sitima za malasha zikalamba, nizilowa m'malo mwace za dizilo ndi za magetsi. Pali makampani ena opikisana naye, ndipo amene akhalitsa m'mangawa osakhoza kulipira, kampani yace igwa nigulitsidwa.

Tsono ndiyambe ndi funso la mkuru uja. Imeneyi si njuga. Pa njuga munthu aika cace kuti alande ca mnzace mwa mwai, wosagwira nchito. Koma apa palibe tambala yoturuka m'thumba kapena yolowamo, ndipo apambana ndiye wowerenga bwino ndi wodekha mtima. Mbale wace wa masewerowa ndi bawo, imene akuru athu asewera pamthunzi, pamene munthu awerengeratu m'mutu kumene njere zace zidzathera. Mbale winanso ndi timagalimoto ta mawaya timene ana athu apanga okha, nalambula timiseu tao pabwalo. Komatu kunena kuti cinthu si njuga sikutha mlandu. Masewero ali onse aphunzitsa kanthu, ndipo tiyenera kufunsa ngati cimene aphunzitsa ndi coona.

Zinthu zitatu ndinazipeza zoona ndi zoyamikika. Coyamba ndi za ngongole ndi kusamala. Ciongoladzanja ca banki cidulidwa mwezi ndi mwezi, galimoto iyende kapena isayende. Galimoto iri yonse iri ndi kabuku kace koonetsa phindu la caka cino ndi la caka catha. Ikapanda kupita kokonzetsa pa nthawi yace iyamba kufa panjira, utsi uli tolo. Ikakalamba pafunika kugula yina, ndipo amene anadya ndarama zonse m'masiku a phindu apezeka manja ali lende. Ndani wa ife sadziwa munthu amene anagula lole ndi ndarama za fodya kapena za ku Joni, nayendetsa matola pakati pa Chitipa ndi Karonga, nayesa ndarama zonse za tsikulo ndi phindu lace? Lero loleyo igona pa miyala kuseri kwa nyumba, ndipo nkhuku ziikira mazira m'menemo. Mnyamata amene kampani yace yagwa katatu pa galasi wagula nzeru imeneyi pa mtengo wocepa ndithu.

Caciwiri ndi za kudikirana. Sitima ziwiri siziyenera kulowa m'cigawo cimodzi ca njanje. Cifukwa cace wosewera aimika zizindikiro, kuti yina ipite, yina ilinde. Ndinaona mnyamatayo ataonjeza sitima zambiri pa njanje imodzi cifukwa ca dyera, ndipo zinatsekerezana pa mphambano, iri yonse kudikira inzace, ndarama nizileka kulowa. Anagwira nchito nthawi yaitali kumasula mfundo imene anaimanga yekha. Palibe amene anamdzudzula, koma anaona ndi maso ace kuti kucuruka kwa magareta sindiko kucuruka kwa phindu.

Cacitatu ndico coposa zonse, cakuti njira ikuza mudzi. M'masewerowa mudzi umene mabasi ndi sitima zifikako kawirikawiri uyamba kumera nyumba zatsopano, ndi wosiyidwa ukula pang'onopang'ono. Ndipo m'dziko lao lotentha, midzi ya m'cipululu sikula konse ngati sailandira cakudya ndi madzi. Ife a kuno sitisowa mboni pa ici. Mseu wa ku Karonga, wa makilomita ngati 100, pamene unali wa pfumbi, ulendo wa m'dzinja unatha tsiku lathunthu, mwina ndi kugona panjira lole itatitimira. Wodwala wofuna cipatala cacikuru, ndi mphunzitsi wotumidwa kuno, onse anauopa. Utaikidwa phula ca m'ma 2012, masitolo ndi nyumba zogona alendo zinacuruka pa boma, ndipo nyemba ndi cimanga cathu zinapeza ogula. Masewerowa adziwanso kuti mgodi si cinthu cokhalitsa. Zoturuka zace zikwera nizitsika, ndipo nthawi zina utsekedwa, njanje nikhala yopanda katundu. Takumbukirani mgodi wa Kayelekera, m'mbali mwa mseu womwewu, umene unatsegulidwa mu 2009, ndipo mu 2014 nchito inaima pamene mtengo wa mwalawo unagwa kunja.

Koma tsopano ndinene zimene ndinaziona zokhota, ndipo ziri zazikuru koposa zabwino zija, cifukwa zibisala m'malamulo a masewerowo pamene mwana sakhoza kuziona.

Cokhota coyamba ndi lamulo la malipiro. Wosewera alipidwa monga mwa kucuruka kwa katundu, kutalika kwa ulendo, ndi kufulumira kwace. Katundu akapita kutali, ndarama zicuruka, ndipo palibe amene afunsa ngati ulendowo unali wofunika. Cotero wosewera wocenjera apitirira nyumba ya magetsi yapafupi, nanka nao malasha ku malekezero a dziko, pakuti kutali ndiko kuli ndarama. Afunsa ndani kuti ndaramazo zicokera m'thumba la yani? Pa galasi zingobwera monga mvula. Koma ife tidziwa mwini thumbalo. Kucokera ku Chitipa kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 700, ndipo njanje ya dziko lathu siinafike ku cigawo ca kumpoto. Kilomita iri yonse ya ulendo umenewo iikidwa pamwamba pa mtengo wa feteleza, sopo ndi malata zimene tigula, nicotsedwanso pa mtengo wa nyemba, khofi ndi mpendadzuwa zimene tigulitsa. Mlimi wakutali alipira kawiri, pobwera ndi popita. Mwana wa ku Misuku amene aphunzira kukondwera ndi kutalika kwa ulendo waphunzira kuona dziko ndi maso a mwini lole, naiwala maso a amace amene anasenza khofiyo kutsika naye phiri.

Cokhota caciwiri ndi cakuti m'dziko limenelo mulibe anchito. Wosewera akhudza phiri ndi cala, ndarama zicotsedwa, phiri nilitsika. Njanje iyalidwa m'kuphethira kwa diso. Mvula siigwa, mlatho sukokoloka, palibe wogwira khasu kapena wodwala malungo. Ife tiri ndi mbiri yina pansi pa mapazi athu. Mu 1881 James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow, anapereka mapaundi 4,000 kuti mseu ulambulidwe kucokera ku nyanja yathu kufika ku nyanja ya Tanganyika, kudzera m'dziko lino. Mmisiri woyamba, James Stewart, anadwala namwalira mu 1883; womlowa m'malo, William McEwan, anamwalira mu 1885; ndi maina a anthu akuda amene anakumba miyala pokwera mapiri kucokera ku Karonga sanasungidwe monga anasungidwa a Azunguwo. Mseuwo sunathe monga anaufunira, ndipo kwakukuru unakhala njira ya miyendo. Pa njira imeneyo katundu wa kampani ya Mandala anayenda pamitu pa amtengatenga. Zitsulo za sitima ya pamadzi yochedwa Good News, ya London Missionary Society, zinasenzedwa comweco kufikira ku Tanganyika. Ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 makolo athu zikwi zambiri anagwidwa kusenza cakudya ndi zipolopolo za asilikari, ambiri osabwerera kwao. Koma pa mapu a ku Ulaya mseu wa Stevenson unaoneka mzere wokongola wathunthu, ndipo mu 1890, pamene Angerezi ndi Ajeremani anagawana maiko ano, unali umodzi wa mboni za Angerezi, malire nadzera pa mtsinje wa Songwe. Taonani, abale, amene alemba mzere pa mapu ali kutali, ndi amene asenza katundu pa mzerewo, ndi anthu awiri osiyana. Masewerowa akhazika mwana wathu pa mpando wa woyambayo, ndipo wacinzace samuonetsa konse.

Cokhota cacitatu ndi cakuti munthu awerengedwa monga malasha. M'masewero a Sawyer wokwera alibe kwao kapena kumene afuna kupita. Kuli konse kumene wamtsitsa, walipira. Okonza OpenTTD anaona colakwa cimeneci, ndipo mu 2014 anaonjeza lamulo, losankha mwini kusewera, lakuti okwera akhale ndi kopita. Koma ngakhale tero, akhalabe ciwerengero pa siteshoni. Ndege ikagwa, pa galasi paturuka kanyuzipepala konena ciwerengero ca akufa, ndipo mwini kampani aguza mtima cifukwa ca mtengo wa ndege, nagula yina. Pamene ndinaona ici ndinakumbukira kuti pa Fort Hill, ndilo dzina lakale la boma lathu, panali bwalo la ndege ndi msasa wa Wenela, wotenga amuna kunka nao ku migodi ya ku Joni. Ndi kuti mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nifa Amalawi oposa 70 amene analikubwerera kwao, kotero kuti Dr. Banda analetsa kulemba anthu a ku migodiko. M'buku la kampani iwo anali ciwerengero. M'midzi yao munali maliro, amasiye, ndi minda yosalimidwa. Mpingo uphunzitsa kuti munthu ali yense adziwika ndi dzina pamaso pa Mlengi wace, ndipo masewero amene azoloweretsa mwana kuwerenga anthu ndi matani pamodzi ayenera kukhala ndi womdzudzula pambali.

Cokhota cacinai ciri pafupi ndi ife koposa zonse. Wosewera wanzeru samanga njira ku mudzi waung'ono wa kuseri kwa mapiri, pakuti sikubweza ndarama. Ndipo masewerowo samlanga cifukwa ca kuusiya. Dziko lathu likanajambulidwa pa galasipo, Nthalire, Wenya ndi Kameme akanakhala opanda basi kufikira 2050. Koma miseu yeniyeni siimangidwa ndi phindu lokha. Njanje ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, yodzera pa Tunduma ndi Nakonde pafupi ndi ife, obwereketsa ndarama a ku maiko a Azungu anaikana kuti siidzapindula. Koma Nyerere ndi Kaunda anaifuna kuti mkuwa wa Zambia uturuke wosadzera kwa atsamunda a kumwera, ndipo inamangidwa ndi cithandizo ca China kuyambira 1970 kufikira 1975. Mseu wathu womwe wa ku Karonga anayamba ndi a ku Taiwan, natsiriza a ku China boma litasintha ubwenzi mu 2008. Unadza cifukwa ca kulira kwa anthu kwa zaka zambiri ndi mapangano a maboma. Mai wapakati wa ku mudzi wakutali ayenera kufika ku cipatala ngakhale ulendo wace subweza mtengo wa mafuta, ndipo ici masamu a masewerowa sakhoza kucilemba.

Palinso tinthu tina timene kholo liyenera kudziwa. Wosewera akhoza kugula kwa akuru a mudzi ufulu wakuti iye yekha anyamule katundu kumeneko caka cathunthu. Akhoza kudziimikira fano lace pakati pa mudzi kuti mbiri yace ikwere. Ndipo m'OpenTTD akhoza kupereka ciphuphu kwa akuruwo, ngakhale nthawi zina agwidwa nalangidwa. Akagwetsa mitengo ndi nyumba, akuru a mudzi amkwiyira namkaniza kumanga siteshoni, ndipo ici ndiciyamika. Koma akangobzala mitengo yambiri pa kamphindi, mkwiyo utha, monga ngati nkhalango ndi cindapusa cogulira mtendere. Amene anaona mitengo yakale ya m'nkhalango za Mughese ndi Wilindi adziwa kuti yotere siibwerera m'moyo wa munthu mmodzi. Ndipo potsiriza, m'dziko limenelo mulibe usiku kapena Sabata. Magareta sapuma, ndi wosewera yemwe aiwala kupuma. Nthawi zonse pali kanjanje kamodzi kotsala kuti akonze, ndipo mnyamata uja anabvomera yekha kuti tsiku lina tambala analira iye asanagone. Ngati pali chimo pamenepa, liri pa kuba nthawi ya kumunda, ya mabuku ndi ya mapemphero.

Nanga tiweruze bwanji? Kwa mkuru uja ndinayankha kuti asamlande mwanayo, ndipo asamlekenso yekha. Monga nchito ya mmisiri, masewerowa ndi opangidwa bwino zedi. Malamulo ace ndi ocepa, koma abala mabvuto atsopano tsiku ndi tsiku, ndipo mulibe kuombera mfuti kapena zonyansa zimene zidzala m'masewero ena a masiku ano. Anena zoona za mwini galimoto, ndipo za wokwera, za mlimi ndi za wanchito angokhala cete. Akuru anati, walira mvula walira matope. Ife amene tinalirira mseu ndi sukulu tiyenera kulandiranso zobwera nazo, ndi kuphunzitsa ana kuzisankha.

Cifukwa cace ndipempha makolo ndi aphunzitsi zinthu zitatu. Muike malire a nthawi, kuti cinthuco citsegulidwe nchito za tsiku zitatha, ndipo tsiku la Mulungu cipumule. Mukhale pansi ndi mwanayo kamodzi, ngakhale simudziwa Cingerezi, mumfunse, "Ndarama walandirazi walipira ndani? Njanje iyi anakumba ndani? Mudzi uwo wausiyiranji?" Ndipo popeza m'masewerowa muli malo akuti munthu ajambule dziko la iye mwini, mumuuze ajambule lathu lino: nyanja ku Karonga, citunda cokwera mamita oposa 700 kudza ku boma, mapiri a Misuku, Songwe kumpoto, ndi midzi yonse ndi maina ace. Akatha, atenge pensulo ndi pepala, apite kwa woyendetsa matola ndi kwa mlembi wa bungwe la alimi a khofi, afunse mtengo wa dizilo, wa matayala ndi wa thumba limodzi kufika ku Mzuzu, naone ndarama zingati zitsalira mlimi. Dziko lino lifuna amisiri a miseu ndi eni magalimoto oopa Mulungu, obadwa konkuno, odziwa masamu ndi odziwanso kulemera kwa katundu wa pamutu. Ndipo tipemphere kuti ena a iwo aturuke mwa anyamata amene lero alikuyala njanje pa galasi.